Mchira Uli kwa Ndani?

A Daka tinawaika Khirisimasi itangodutsa, ndipo Januwale uno ndi woyamba kundipeza pa khonde lino popanda wondiuza buku loti ndiwerenge. Sindikukhazikika. Ndikaponya vitumbuwa m'mafuta ndimangopezeka ndaimirira, maso ali kumsewu wochokera ku boda ya Malawi, ngati basi ingatsitse munthu amene ndinamuthira dothi ndi dzanja langali. Dzulo ndinapsereza chiwaya chonse. Ndiye ndati ndilembe za iwo, mwina miyendo ingandipatseko mpata.

Anali telala. Makina awo ankakhala pakati pa khonde la sitolo ina kumunsi kwa tauni ya Chipata, ine ndi mbaula yanga kumapeto kwake, ndipo madzulo tonse tinkalowera njira ya kwathu ku komboni ya Nabvutika. Kunena kuti tinkayendera limodzi kungakhale kunama, chifukwa munthu uja sankayenda, ankachita ngati akuthamangitsidwa. Anali wamfupi, wowonda, chipewa chakhaki kumutu, tepi yoyezera m'khosi kulikonse kumene apita. Phazi lawo lamanja silinkamva kuti ntchito yatha. Kutchalitchi ansembe akamalalikira, benchi yonse inkagwedera chifukwa a Daka akupalasa makina osaoneka, mpaka amuna anzawo ankasamukira benchi ina mmodzimmodzi.

Salaula, zovala za kaunjika zija, itadzaza msika anthu anasiya kusoketsa zovala, ndipo matelala ambiri anagulitsa makina nkubwerera kumudzi. A Daka anatsala ndi zigamba ndi mayunifomu a sukulu. Sanadandaule kwenikweni, poti mtima wawo unali kale kwina. Chaka chilichonse, pakati pa Khirisimasi ndi Nyuwere, ankakwera basi ya ku Lilongwe kukagula ulusi, mabatani ndi mazipi, ndipo pansi pa ulusiwo ankabwera ndi mabuku a nkhani zopeka ongotuluka kumene, akadali ndi fungo la inki. Ena ankawabweretsera kondakitala wina wa basi ya ku Lusaka. Sanali ambiri. Mabuku atsopano a m'chinenero chathu sagwa ngati mango, ndipo chaka choipa ankabwera ndi limodzi lokha. Koma owerenga tinali khamu: anamwino, makalaliki, ife a mumsika, azimayi a pakhomo, ngakhale alimi a ku Madzimoyo obwera kudzalondola feteleza.

Ndiye buku ankalidula. Ndikunena kudula kwenikweni, ndi lezala, kutsata msana wake, zidutswa ziwiri. Chilichonse ankachisokera chikuto cha katoni ya sopo nkuchikuta ndi nsalu yotsala ya yunifomu, kuti wina akamayamba nkhani, wina akhale akuimaliza. Chidutswa choyamba ankachitcha mutu, chachiwiri mchira, monga timachitira pogawana nsomba. Mu Januwale ndi Febuluwale funso linali limodzi pa mpopi, kuchigayo ndi pakhomo la tchalitchi: mchira uli kwa ndani? Mlendo akamva ankayesa kuti kwinakwake kwaphedwa ng'ombe.

Malo odula sankasankha okha. Ankawasankhira ndi akazi awo, a NaTembo, amene sankatha kuwerenga ngakhale dzina lawo. A NaTembo ankagulitsa nsinjiro, choncho tsiku lonse manja awo ankakhala m'lichero, kuswa nsawa. Anali mayi wa thupi, wosafulumira, ndipo awiriwa anali ngati mtondo ndi munsi, wina phee pansi, wina kudumphadumpha. Buku latsopano likafika, a Daka ankaweruka dzuwa likadalipo nkumaliwerenga mokweza, akuzungulira pabwalo, diso limodzi pa tsamba, lina pa lichero. Nsawa zikamapitiriza kusweka, nawonso ankapitiriza. Koma manja a NaTembo akangoima, nsawa ili pakati pa zala, ankamaliza tsamba lomwelo nkutenga lezala, ngakhale chiganizo chitathera pakati. Mutu wina unkatuluka wowonda, mchira wonenepa, iwo analibe nazo ntchito. Buku lofika kumapeto manja asanaime silinkadulidwa. Linkakhala pa shelefu lathunthu, losalala bwino, ndipo tonse tinkadziwa kuti lanyozedwa. Alendo okha ndi amene ankathamangira lathunthu, ife nkumatsinana, tikuseka chamumtima.

Umu ndi mmene tinkadziwira mabuku oyenera kuyamba nawo chaka. A Daka sankatamanda buku ndi mawu ambiri. Ukawafunsa ankangoloza ndi sizasi, phini ili pakamwa, nkunena kuti ili laimitsa manja, ilo ndi loswera nsawa.

Wowerenga wawo wokhulupirika kuposa tonse analinso mdani wawo wa tsiku ndi tsiku, a Mvula, mphunzitsi wa ku pulaimale. A Mvula ankati kudula buku ndi khalidwe la kubutchala, ndipo tsiku lina a Daka adzakayankha mlandu pamaso pa olemba onse. A Daka ankabwezera kuti buku losungidwa bwino m'kabati limakhutitsa njenjete zokha. Akatopa ndi imeneyo ankayamba ya zilembo. A Mvula ankaphunzitsa ana kulemba cimanga ndi cinthu monga zilili m'sukulu za kuno, ndipo ankadandaula kuti mabuku a ku Malawi akuwaonongera ana ndi h wawo wongomwazidwa paliponse. A Daka ankawauza kuti ayambe akafufuta h pa chikwangwani cholowera m'Chipata, a Mvula nkuyankha kuti wolemba chikwangwanicho sanafunse mphunzitsi. Zikafika apo ankasiya kulankhulana. Komabe a Mvula ankabwera tsiku lililonse, kuima pa mbaula yanga atafulatira makina, nkundifunsa ine mokweza kuti mchira uli kwa ndani, a Daka nkuyankha akuyang'ana singano.

Panali lamulo limodzi limene linkawawawa a NaTembo. A Daka sankawerenga mchira mpaka utazungulira anthu onse. Chifukwa chake chinali nkhope yawo, imene sinkatha kusunga chinsinsi. Kalekale, asanaike lamulolo, mayi wina amene anali pakati pa nkhani anawafunsa ngati mnyamata wa m'bukumo achira. A Daka anangovula chipewa. Mayiyo anawaponyera mutu wa buku pa makina, ndipo anasiya kusoketsa kwa iwo. Kuyambira pamenepo analumbira kuti mchira azidya pomaliza, ndipo nthawi yake inkagwa kumapeto kwa Febuluwale, anthu akamakonzekera mwambo wa Angoni wa Ncwala ku Mtenguleni. Ankaseka kuti monga mbewu zatsopano sizilawidwa mwambo usanachitike, nawonso pakhomo pawo mchira sulawidwa. A NaTembo sankaseka nawo. Ankati anakwatiwa ndi munthu wodyetsa tauni yonse, iwo nkumanyambita mbale. Ankayesa kutinyengerera ndi nsinjiro kuti tiwaululire, koma tonse tinkaopa kuchotsedwa pamzere.

Lamulo limenelo ndi limene linawapweteka mu Januwale wa 1996. Chaka chimenecho anabwera ndi buku limodzi. Linali la mkazi amene anathawa ukwati wa nkhanza nkusiya mwana wamkazi wa kubere kwa abale a mwamuna. Patapita zaka zambiri mkaziyo anabwerera kumudzi kuja, nkuima m'mbali mwa bwalo, akuyang'ana mtsikana amene ankasinja. Apo ndi pamene manja a NaTembo anaima. A Daka ankati tsiku limenelo manjawo sanayambirenso, lichero linapendekeka, nkhuku nkumatola nsawa pamapazi awo osaziingitsa. A NaTembo anapempha amuna awo kuti chaka chino chokha apitirize. A Daka anakondwa kuti apeza buku la chaka, anaseka, nkutenga lezala.

Woyamba kubwereka anali a Njovu, mlimi wa ku Madzimoyo. Mutu anaumaliza pa khonde pompano akudikira feteleza, mchira nkupita nawo kumudzi. Sabata yomweyo a NaTembo anagona. Miyendo inatupa, mpweya unkawaperewera, ndipo kuchipatala anawapatsa mapiritsi nkuwabweza kunyumba. Ndinkapita kukawaphikira phala, koma ankangolawa nkukankha. Tsiku lina a Daka akulowa, a NaTembo anawagwira malaya.

"A Daka, manje mchira wanga uli kuti? Ncwala ya chaka chino siniiona ine."

M'mawa mwake makina anali ovundikiridwa, pakati pa nyengo ya mayunifomu. Azimayi amene ana awo ankapita ku sukulu ndi zovala za kunyumba anakalipira ine, ngati ndine ndinabisa telala m'chiwaya. A Daka anali pa njinga, mvula ikuwamenya, kulowera ku Madzimoyo. Anawapeza a Njovu akupalira thonje. A Njovu anapepesa kuti nyengo ya kupalira munthu akagwira buku tulo timamugwira iye, ndiye sanapite nalo patali, ndipo mchirawo anautenga mlamu wawo wa ku Mtenguleni. A Daka anakana ngakhale madzi akumwa.

Ku Mtenguleni anapeza amuna atakhala pansi pa mtengo, akukonza zikopa ndi zishango za gule wa ngoma. Tangoganizani kamunthu konyowa, matope mpaka m'mawondo, tepi m'khosi, kakufunsa mopuma wefuwefu kuti mchira uli kwa ndani. Amunawo anayang'anana, mmodzi nkulowa m'nyumba, nkutuluka ndi litchowa la mchira wa ng'ombe. A Daka atapukusa mutu, anawabweretsera lina lokongola kuposa loyamba, akuseka kuti wovina uyu ngwosankha. A Daka anandiuza okha kuti pamenepo anakhala pansi m'matope nkulira pamaso pa amuna anzawo, ndipo kuseka kunatha. Mlamu wa a Njovu anapezeka. Sanali munthu wowerenga, anangokonda pepala lake kuti ndi lofewa bwino pokulunga fodya. Mwa ulemu wake anayambira kumbuyo, kuti asaononge chiyambi. Masamba omaliza anali atapita ndi utsi.

Atabwerera anaima pa khonde lino osadziwa kolowera, akutembenuza mchira wodukawo m'manja. Ku Lilongwe kunali buku lina longa lomwelo, koma kusiya wodwala sakanatha. A Mvula, amene panthawiyo sankalankhulana nawo, anamva zonse ali pa mbaula yanga. Anandiuza ine mokweza kuti Loweruka ali ndi ulendo wa ku Malawi, wa zinthu zawo. Tonse atatu tinkadziwa kuti Loweruka lili kutali.

Masana a tsiku lomwelo ndinali m'chipinda cha a NaTembo ndi azimayi awiri a kutchalitchi, mvula ikuwaza pa malata. A Daka anakhala pa mpando pafupi ndi mphasa, ndipo kanali koyamba kuwaona akuwerenga chokhala, phazi lili phee. Anawerenga mpaka mawu anasasa. Wolemba uja anali wozungulira, anabwerera m'mbuyo kukafotokoza zaka zonse zimene mkaziyo anakhala kutali, ndipo pamene anamubweza pa bwalo paja, masamba anatha. Ine ndinali kumbuyo kwawo, ndinaona katoni ya sopo. A Daka sanapume nkomwe. Anapitiriza, maso ali pa katoni, chala chikuyenda ngati pali mizere. Mtsikana uja anaponya munsi pansi, anathamanga, anafuula kuti amayi. Mudzi unasonkhana, mbuzi inaphedwa, mwamuna wankhanza uja anagwada kupepesa. A NaTembo anamvetsera ali chitsinzinire mpaka a Daka anatseka chikuto.

"Mwasoka bwino, a Daka, koma ulusi uoneka."

"Ni mmene alembera, NaTembo."

"Bodza. Mwana wosiyidwa ali kubere sathamangira munthu. Samudziwa."

Kenako anatiuza mmene nkhaniyo ikuthera, pang'onopang'ono, akupumira pakati. Anati mtsikanayo analonjera mlendo mwaulemu, anamupatsa madzi, nkumutchula kuti azakhali, poti sankadziwa dzina lina lomutchulira. Mkaziyo anaona kuti tsitsi la mwanayo lilibe wolisamala. Anapempha chipeso, anamukhazika pakati pa mawondo ake, nkuyamba kumuluka kuyambira kunkhongo, osafulumira, akudziuza kuti akamaliza kuluka amuuza zonse. A NaTembo analekera pomwepo. A Daka, amene sankatha kudikira chilichonse, anafunsa ngati anamuuzadi atamaliza.

"Tsitsi limamera, a Daka. Chaka chamawa abweranso kudzaluka."

A NaTembo anamwalira Loweruka lisanafike. A Mvula anapitabe ulendo wawo, ndipo pobwerera anatsika basi ife titabwera kale kumanda.

M'mawa mwake, anthu akubalalika, a Daka anavala chipewa kuti aperekeze alendo ku basi. Pakati pa alendowo panali mayi wina wa kumidzi ya ku Chadiza amene palibe ankamudziwa, wa thupi, woyenda mosafulumira. Potsazika anati wabwera kudzalira azakhali ake, amene chaka chilichonse akakolola ankabwera kwawo kudzamuluka tsitsi, kuyambira ali kamtsikana mpaka anakwatiwa. Chibale chake chenicheni sankachidziwa bwino, anati, akuluakulu sankachifotokoza. Ndinayang'ana chipumi chake, chonga cha a NaTembo, kenako ndinayang'ana a Daka. Anali atavula chipewa. Sindikudziwa ngati ankadziwa kale kapena anamva tsiku lomwelo, ndipo sindinawafunse. A Daka sanamuuze kanthu mayiyo. Analowa m'nyumba nkumupatsa lichero lija.

Buku lathunthu la nkhani ija, limene a Mvula anakagula ku Malawi, linafika pa khonde maliro atatha. Analiika pa makina, ndipo a Daka anawathokoza powatchula kuti aphunzitsi, popanda kachipongwe kaja ka masiku onse. Kenako analiika pa shelefu pakati pa athunthu aja, ndipo sanalitsegule mpaka imfa yawo. A Mvula ayenera kuti analiwerenga m'basi, munthu uja sakanapirira, koma ukawafunsa mathero ake amati tsiku limenelo anaiwala magalasi. Mchira woduka uja ndi umene unapitiriza kuzungulira. Aliyense akafika pa katoni ankabwera pa khonde atakwiya, ndipo a Daka, munthu wolumbira kuti sadzaululanso mathero a nkhani, ankaimitsa makina, kuchotsa phini pakamwa, nkusimba za chipeso ndi nkhongo monga a NaTembo anasimbira. Sankawonjezera kapena kuchotsa. Ku Nabvutika konse nkhani imeneyo imathera pa tsitsi.

Zaka zotsatira ankapitabe ku Lilongwe. Anayesa kundiwerengera ine kuti aone pamene manja anga aime, koma wokazinga vitumbuwa saimitsa manja, ndipo anandinena kuti ndili ndi mtima wa mbaula. Ndinawayankha kuti iwo ali ndi miyendo ya nkhuku yofuna poikira, tinakwiyirana mpaka madzulo. Pamapeto pake anayamba kuyeza buku ndi tepi nkudula pakati penipeni. Ankalozabe ndi sizasi kuti ili ndi labwino, ilo ayi, ndipo nthawi zambiri ankalondola, koma ankanena okha kuti tsopano akungoyerekeza. Kuyenda kwawo kunaonjezeka. Ankatha kusiya buluku pansi pa singano nkuzungulira msika wonse popanda chogula. Chifuwa chinawagwira mu Disembala wapitayu chikwama cha ulendo atalongedza kale, ndipo sichinawachedwetse. Ngakhale pomwalira anafulumira.

Makina anatenga mphwawo wa ku Katete, mabuku athunthu anapita kwa a Mvula, ndipo mitu ndi michira ili mmene inalili, m'nyumba za anthu. Chaka chino palibe wapita ku Lilongwe. Ngati kwatuluka mabuku atsopano, ife kuno sitikudziwa, ndipo zimenezi zikundisowetsa mtendere kuposa mmene ndinkaganizira. Wogulitsa salaula wina wapempha kale malowo kwa mwini sitolo, akuti ayamba mwezi wamawa.

Dzulo kunabwera namwino wina wachitsikana, wongotumizidwa kumene kuno, atanyamula kabuku kokutidwa ndi nsalu ya yunifomu. Anati mnzake anamuuza kuti akafika pa katoni apite kwa telala wa pa khonde lino, ndi amene amamaliza. Anaima pakati pa khonde akuyang'ana uku ndi uku. Pamene anaimapo pali madontho anayi a dzimbiri pa simenti, pomwe pankakhala miyendo ya makina, ndi kamalo kosalala kamene chidendene cha a Daka chinapera. Kukhoma kwatsala msomali ndi thabwa la shelefu, lopanda kanthu. Ndinamuuza kuti telalayo kulibe, koma akhale pa benchi ndiyese ine. Ndinasimba za madzi akumwa, za azakhali, za chipeso. Nditafika poti tsitsi limamera, ndinamva fungo la kupserera, ndipo mtsikanayo ankandiyang'ana m'manja. Chipande chinali m'mwamba, mafuta akudontha, manja anga ataima.

Ndinatembenukira pakati pa khonde kuti ndiwaonetse a Daka. Panali madontho anayi aja basi, ndipo panalibe wotenga lezala.